Agalu anga awiri aakazi akufuna kuphana, ndithandizeni

MayiWaLulu
Anzanga okonda agalu, mutu wanga waima. Ndili ndi galu wamkazi, Lulu, wa zaka 7, yemwe ndinamutenga ali kamwana kumalo osungirako agalu osowa eni. Ndi wofatsa, sanalumepo munthu ngakhale galu mnzake. Miyezi ingapo yapitayo ndinakatenganso wina komweko, Nandi, wamkazinso. Amati ali ndi chaka ndi theka kapena kupitirirapo pang'ono. Masabata oyambirira zonse zinali bwino, mpaka ankagona moyandikana. Kenako zinayamba pang'onopang'ono. Nandi amaima pakhomo la chipinda osamulola Lulu kudutsa. Ndikamamusisita Lulu, iye amabwera n'kudzilowetsa pakati. Agwirana kangapo tsopano, koma ya dzulo madzulo ndiye inali yoopsa. Mlendo anagogoda pachitseko, onse anathamangira komweko akuuwa, ndisanadziwe n'komwe Nandi anali atamugwira Lulu pakhosi akumupukusa. Bambo akunyumba polekanitsa alumidwa padzanja. Lulu ali ndi timabowo tiwiri m'khosi, sakudya, wangobisala kunsi kwa tebulo. Bambo akuti Nandi abwerere komwe anachokera, ana akulira kuti ayi. Kodi zoterezi zimatha? Alipo amene zinamuchitikirapo?

Chitedze77
Asiyeni amenyane mpaka adziwane wamkulu ndani. Agalu ndi choncho. Mukamawalekanitsa ndewu siitha, imangodikira mawa.

Gulugufe
A Chitedze, mwawerenga mpaka kumapeto koma? Wagwidwa pakhosi n'kupukusidwa. Wamkuluyo adzadziwika mnzake atafa?

Mlangizi_wa_ziweto
Mayi, za khalidwe tikambirana, koma tiyambe ndi mabala. Ngati bambowo sanatero kale, atsuke dzanjalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala lero lomwe, asadikire kuti litupe. Bala la galu padzanja silichedwa kulowa tizilombo chifukwa minyewa ndi mfundo za zala zili pafupi kwambiri ndi khungu. Atenge makadi a katemera wa chiwewe a agalu onse awiri, afunsenso za jakisoni wa kafumbata.

Lulu nayenso aonedwe lero. Timabowo mukutionato tisakunamizeni. Galu akaluma n'kupukusa, khungu limang'ambika kuchoka ku mnofu chamkati pomwe pamwamba pakuoneka ngati palibe kanthu. Mkatimo mumatsala thumba, ndipo pakapita masiku 2 kapena 3 limadzaza mafinya. Pakhosi ndiye poopsa zedi, pali kholingo ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi. Galu amene wasiya kudya n'kumabisala ndiye kuti akumva ululu.

Kuyambira pano pakhale chitseko chotseka pakati pawo. Musawakumanitse madzulo ano kuti akhululukirane. Thupi la galu amene wangomenyana limatenga masiku kuti likhazikike, ndipo m'masiku amenewo ngakhale kanthu kakang'ono kamayambitsanso ndewu.

MayiWaLulu
Zikomo a Mlangizi. Onse anabayidwa katemera, makadi alipo. Bambo apita kale kuchipatala mmawa uno. Lulu ndikupita naye masana.

Nkhwazi_09
Nditangoona kuti onse ndi aakazi ndinangoti ehe, nkhani ndi imeneyo. Agalu aamuna akamamenyana nthawi zambiri chimakhala chiphokoso, malovu ndi fumbi, ukawayang'ana pambuyo pake supeza bala lenileni. Aakazi akadana, ndewu yake ilibe phokoso lambiri koma imavulaza, ndipo saiwalirana msanga. Pali kafukufuku wa ku Tufts University ku America amene anatuluka mu 2011. Anaunika magulu 38 a agalu awiriawiri okhala nyumba imodzi amene ankamenyana. Magulu 30 mwa amenewa anali a aakazi okhaokha kapena aamuna okhaokha. Woyambitsa ndewu kawirikawiri ankakhala amene wabwera kumene, ndiponso wamng'ono pa awiriwo. Zoputa ndewu zazikulu zinali chakudya, kulimbirana mwini wawo, chipwirikiti monga cha mlendo pakhomo, ndi zinthu zotola ngati fupa. Nkhani yanu mayi ikukwana monsemo.

Dzungu
Ine ndili ndi aakazi atatu ndipo amadyera mbale imodzi. Tisamanamizire ukazi.

Nkhwazi_09
Achimwene a Dzungu, kafukufukuyo anaona agalu amene eni ake anabwera nawo chifukwa cha ndewu. Sakunena kuti aakazi onse amamenyana. Akunena kuti mwa omenyanawo ambiri ndi ofanana. Anuwo ayamikireni, koma mbale imodziyo ine sindingayerekeze.

Chitedze77
Vuto ndi loti m'nyumbamo mulibe bwana. Galu ndi m'mbulu, amafuna mtsogoleri. Nandiyo akadzuma mugwireni pakhosi, mumugoneke chagada mpaka agonje. Kawiri katatu aphunzira.

Kadzidzi
Izi za bwana wa gulu zili ndi mbiri yake, ndipo amene anazifalitsa anazibweza yekha. Zinayamba ndi Rudolf Schenkel amene mu 1947 analemba za mimbulu ya kumalo osungirako nyama ku Basel, ku Switzerland. Mimbuluyo sinali pachibale, anthu anangoisonkhanitsa mu mpanda umodzi, ndiye inkalimbana kwambiri. David Mech anazitenga n'kuziika m'buku lake la mu 1970, dziko lonse n'kuzimeza. Pambuyo pake Mech yemweyo anakakhala nyengo zambiri akuonerera mimbulu yakutchire pachilumba cha Ellesmere ku Canada, ndipo mu 1999 analemba kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, tate, mayi ndi ana awo. Otsogolera ndi makolo, sanachite kumenyera udindowo. Mpaka anapempha osindikiza kuti asiye kutulutsa buku lake lakalelo.

Tsono zogoneka galu chagada zija, pa galu amene dzulo lomwe waboola dzanja la munthu, mukuwauza mayiwa kuti aike nkhope yawo pafupi ndi mano amenewo. Komanso kudzuma musamakulange. Galu akadzuma akukuuzani kuti pafika povuta. Mukamumenya chifukwa chodzuma, mkwiyo wake sumatha, amangophunzira kusachenjeza. Ndiye muli ndi njinga yomweyo, liwiro lomwelo, koma belu mwachotsa.

Chitedze77
Mimbulu ya ku Switzerland ikukhudzana bwanji ndi agalu athu? Bambo anga anaweta agalu moyo wawo wonse, nthawi zina asanu ndi mmodzi pakamodzi, sanawerengepo buku. Ankalumana pang'ono basi n'kudziwana.

AgogoAgalu
A Chitedze sakunama pa zomwe anaona, tisawakanize zonse. Koma funsani kuti agalu a bambo awowo ankakhala kuti. Galu wokhala panja, pamalo otakasuka, akaona kuti mnzake wamuyang'ana moipa amangochoka kukagona kuseri. Ndewu zambiri zimathera pamenepo tisanazione n'komwe. M'nyumba mulibe kothawira. Muli makomo opapatiza, kampata ka pakati pa mpando ndi tebulo, munthu mmodzi amene onse akumufuna. Ndipo kulumana pang'ono mukunenako, kopanda magazi, n'kosiyana ndi kugwira pakhosi n'kupukusa. Ian Dunbar, dokotala wa ziweto amenenso amaphunzitsa agalu, anagawa kuluma m'magawo 6. Gawo 1 ndi 2 khungu silibooka. Gawo 3 mabowo ake ndi osazama. Gawo 4 dzino lalowa mozama, galu wagwiritsa kapena wapukusa. Zikafika apa sitinenanso zoti adziwana okha.

Tchuthi_Boy
Komatu anthu inu. Galu m'nyumba amafunamo chiyani? Mpaka kunsi kwa tebulo!

Gulugufe
Wanga amagona pasofa ndipo amachita nkonono kuposa amuna anga.

Tchuthi_Boy
Ndiye utitiri ndi nkhupakupa mumagawana bwanji?

Gulugufe
Kuli mankhwala bambo, ena ongodontheza pakhosi pamwezi kamodzi. Galu wosamalidwa ndi waukhondo kuposa nsapato zomwe mumalowa nazo m'nyumbazo.

Dzungu
Anga m'nyumba salowa, koma ndikavula jekete pakhonde ndimakapeza atagonapo onse atatu.

Woyang'anira_gulu
Abale, za sofa tsegulani mutu wake. Pano mayi akufunsa za ndewu.

AgogoAgalu
Tibwerere. Mayi, choyamba chimene chikukuzunguzani ndi choti poyamba ankagwirizana. Zimenezo n'zofala kwambiri. Galu wochokera kosungirako agalu akafika pakhomo latsopano amakhala ngati wadzipinda, sakudziwa kuti chake n'chiti, ndiye amangololera zonse. Pakapita masabata kapena miyezi n'kuona kuti pano ndi kwawo, m'pamene khalidwe lake lenileni limatuluka. Onjezanipo msinkhu. Agalu amakhwima maganizo pakati pa chaka chimodzi ndi zaka 3, ndipo ambiri amene ali ana ankasewera ndi aliyense amayamba kusankha anzawo pa msinkhu umenewu. Nandi ali pomwepo.

Chomwe ndingakupempheni usiku uno ndi kutenga pepala. Lembani ndewu iliyonse imene mukuikumbukira, ngakhale zija zongodzumirana. Inachitikira pati, panali ndani, pansi panali chiyani, ndani anayamba kuuma thupi. Anthu ambiri amati agalu anga amangomenyana popanda chifukwa, koma akalemba amapeza kuti ndi malo awiri kapena atatu omweomwewo. Mukawadziwa malowo ndiye kuti mwapeza pogwira.

Pakadali pano akhale mosinthana. Wina ali pabalaza ndi inu, wina ali kuchipinda kapena panja, pakapita maola mwasintha. Aliyense adyere kwake chitseko chili chotseka, ndipo mbale muzichotsa akangomaliza, chifukwa galu amatha kulondera ngakhale mbale yopanda kanthu. Mafupa ndi zoseweretsa zisamangokhala pansi. Mlendo asanagogode, kapena akangogogoda, agalu ayambe atsekeredwa kenako chitseko chitsegulidwe. Zonsezi sizikuchiza kanthu, zikungoletsa kuti asapitirize kuyeserera ndewu, pakuti ndewu iliyonse imapangitsa yotsatira kubwera msanga.

Kuchiza kwenikweni kumayambira panja, Lulu akachira. Anthu awiri, aliyense ndi galu wake pachingwe, kuyenda njira imodzi molowera kumodzi koma motalikirana, mwina wina mbali iyi ya msewu wina mbali inayo. Asayang'anizane maso ndi maso. Nandi akamuyang'ana Lulu n'kutembenukira kwa inu, mupatseni kachidutswa ka chakudya chimene amachikonda kwambiri. Mukufuna kuti m'mutu mwake kuona Lulu kuzitanthauza zabwino. Mtunda muziuchepetsa pang'onopang'ono pa masiku ambiri, ndipo mukaona wina wauma, bwererani pamtunda umene anali omasuka. Anthu amalephera apa chifukwa chothamanga. Masiku atatu abwino basi awamasula pabalaza.

Phunziraninso kuwerenga thupi. Kudzuma kumabwera mochedwa. Kusanafike kumeneko galu amayasamula asali ndi tulo, amanyambita mphuno, amatembenuza mutu koma diso lili pa mnzake mpaka choyera cha diso kuoneka, amatseka kamwa mwadzidzidzi, kenako amauma gwa. Mchira wogwedezeka usakupusitseni, ukakhala m'mwamba, wolimba, n'kumanjenjemera mofulumira, si chisangalalo chimenecho. Mukaona kuumako, itanani mmodzi ndi mawu okoma muchoke naye. Kukuwa kumangowonjezera.

Kamtedza
Funso langa, onse anatsekedwa? Mwina Nandiyo akuyandikira nyengo yake yofuna amuna.

MayiWaLulu
Onse anachotsedwa chiberekero. Kumene ndinawatengako sapereka galu asanamuchite opaleshoni.

Mlangizi_wa_ziweto
Funso la a Kamtedza ndi labwino. Galu wamkazi wosatsekedwa amalowa nyengo imeneyi pafupifupi kawiri pachaka, kwa masabata 2 mpaka 3, ndipo ndewu za aakazi zimakonda kubuka nthawi imeneyo. Koma ena owerenga asatenge kuti opaleshoni ndi mankhwala a ndewu. Kufula galu wamwamuna kumathandiza nthawi zina pa ndewu za aamuna okhaokha. Kwa wamkazi amene ndi waukali kale, kutseka sikuchotsa ukaliwo. Mayi, mukafika kwa dokotala pemphani kuti Lulu amupime thupi lonse, osati khosi lokha. Pa zaka 7 nyamakazi imayamba, mano amawawa, makutu amadwala. Galu womva ululu sachedwa kudzuma mnzake akamugunda, komanso amachedwa kuchoka panjira, wamng'onoyo n'kuona ngati akumuderera. Nandi nayenso adzapimidwe tsiku lina.

Mphepo_ya_kummwera
Nanga zikachitikanso munthu alekanitse bwanji osalumidwa? Ine ndinamva zogwira miyendo yakumbuyo ngati wilibala.

Nkhwazi_09
Imagwira, koma pakhale anthu awiri, aliyense galu wake, n'kumabwerera m'mbuyo mozungulira kuti galu asapeze mpata wotembenuka.

Kadzidzi
Ndikutsutsako pang'ono. Ngati wina wagwiritsa mano osasiya, kukoka ndi kumene kumang'amba mnofu wa mnzakeyo. Wilibala ndi ya agalu amene akulumana n'kumasiyana. Ndipo ndinaonapo galu wamfupi, wamphamvu, akudzipinda n'kumugwira munthu pamkono miyendo ili m'mwamba. Yambani ndi zosafuna manja: ndowa ya madzi kumaso, thabwa kapena mpando kulowetsa pakati, bulangete lokhuthala kuphimba mitu. Chachikulu, dzanja lisapite pa kolala. Galu ali pandewu saona kuti ili ndi dzanja la mbuye wanga, chilichonse chomukhudza pakhosi amaluma.

MayiWaLulu
Bambo anagwira pa kolala pomwepo. Ndipo amene anawaluma ndi Lulu, osati Nandi.

AgogoAgalu
Mwaona. Auzeni bambo asamusungire chakukhosi, sanadziwe n'komwe kuti waluma ndani. Musanayambe zoyenda limodzi zija, onse awiri azolowere muzzle, chovala kukamwa choletsa galu kuluma. Gulani yooneka ngati kadengu, imene galu amatha kutsegula kamwa, kupuma wefuwefu, kumwa madzi ndi kulandira chakudya. Yansalu yomanga kamwa ija ndi ya mphindi zochepa kwa dokotala, galu amadziziziritsa ndi kupuma, ndiye mukayenda naye atavala imeneyo padzuwa mutha kumupha. Musamuveke mokakamiza. Ikani chakudya mkati alowetse yekha mphuno, masiku angapo osamanga lamba, kenako kumanga kwa kanthawi kochepa, choncho.

Nambewe_wa_kuseri
Ine ndinene zimene ena sakufuna kunena. Ndinali ndi aakazi awiri ngati inu. Tinachita zonsezi, kusinthana zipinda, kuyenda motalikirana, mpaka dokotala anamulembera wamng'onoyo mankhwala ochepetsa nkhawa otchedwa fluoxetine, amene amatenga mwezi kapena kuposerapo kuti ayambe kugwira ntchito. Panja ankayenda bwinobwino moyandikana. M'nyumba ayi. Wamkuluyo anafika poti akamva zikhadabo za mnzake pansi ankanjenjemera, anawonda, anayamba kukodza pogona. Tsiku lina mwana anasiya chitseko chosatseka bwino ndipo tinathera kwa dokotala usiku, akusoka. Wamng'onoyo tinamupezera banja lopanda galu wina, tinawauza zonse osabisa, ndipo kumeneko ndi galu wabwino kwambiri. Wamkulu anayambanso kudya sabata yomweyo. Sindikuti inunso mutero. Ndikuti bambo akunyumba kwanuwo sakulankhula zankhanza.

Gulugufe
Koma galu wovutika kale, wazolowera pakhomo, mumubwezenso? Mtima wanga sungalole.

Nambewe_wa_kuseri
Nanga Lulu amene wakhala pakhomopo zaka 7 n'kumabisala kunsi kwa tebulo, mtima wanu ukulola?

Kamtedza
Onse awiri mukunena zoona, n'chifukwa chake nkhaniyi ndi yowawa. Ine anga anagwirizananso, wamwamuna ndi wamkazi, koma ndewu zawo zinali za chakudya chokha ndipo sanaboolanepo. Nditangowalekanitsa podya zinatha. Zikakhala kuti choputa ndi chimodzi, chodziwika, chotheka kuchichotsa, mwayi ndi waukulu. Zikakhala kuti kungoonana basi ndewu, kapena choputacho ndi mwini wakeyo, ntchito yake ndi yaikulu. Mayi auzeninso a kumene munamutengako. Malo ambiri otere amafuna kuti galu akakanika abwerere kwa iwo, osati kungomupereka kwa aliyense, ndipo ena ali ndi anthu odziwa khalidwe la agalu amene angabwere kudzaona.

MayiWaLulu
Ndabwerako. A Mlangizi munanena zoona, atameta ubweya anapeza kuti khungu lasiyana ndi mnofu malo aakulu ngati chikhatho. Atsuka, aika kapaipi kotulutsa madzi, atipatsa mankhwala opha tizilombo ndi oletsa ululu. Kholingo silinakhudzidwe. Atamugwira m'chiuno analira, ndiye akuti bala likapola tidzajambule.

Pepala lija ndalemba. Palibe ndewu ngakhale imodzi ya chakudya. Zonse ndi pakhomo lolowera pabalaza, pachitseko chakumaso, kapena pamene ine ndakhala pansi wina ali pamiyendo panga. Bambo akakhala okha ndi agalu akuti sizichitika. Ndawaimbira a kumene ndinamutenga Nandi, atumiza munthu sabata yamawa. Tagwirizana ndi bambo kuti tiyesa, koma Lulu akapitiriza kukhala mwamantha kapena magazi akatulukanso, Nandi timupezera kwina.

Chitedze77
Ndiye akulimbirana inuyo mayi. Ndinanena kuti nkhani ndi ya bwana.

Kadzidzi
Kulimbirana munthu ndi kufuna ufumu ndi zinthu ziwiri, a Chitedze. Nandi akuwalondera mayiwa monga momwe galu wina amalonderera fupa. Mayi, zikadzafika poti akhalenso chipinda chimodzi, Nandi akangodzilowetsa pakati inu imirirani muchoke osalankhula kanthu. Aone kuti kukankha mnzake kumachotsa chimene akufunacho. Ndipo phunzitsani aliyense kukagona pamalo pake mukamuuza, payekhapayekha kaye.

AgogoAgalu
Poti muli ndi ana, chitseko chimodzi sichikwana. Pakhale zotchinga ziwiri pakati pa agaluwo nthawi zonse, chitseko ndi kageti, kapena chitseko ndi khola lotseka. Wina akaiwala chimodzi, chinacho chigwire. Ndipo ana auzidwe kuti ndewu ikabuka iwo athawe kukaitana wamkulu, asayerekeze kuleretsa.

Dzungu
A Mlangizi, poti mwatchula nyamakazi, wamkulu wanga amadzuka movutikira mmawa. Ndingamupatse Brufen amene ndimamwa ineyu, theka lokha?

Mlangizi_wa_ziweto
Ayi, ngakhale theka. Ibuprofen, amene ndi Brufen yemweyo, amaboola chifu cha galu ndi kuwononga impso. Paracetamol nayenso musapereke popanda dokotala kukuuzani mlingo, ndipo ngati muli ndi mphaka, ameneyo ndiye amafa naye. Alipo mankhwala a ululu opangira agalu, monga carprofen ndi meloxicam, koma dokotala ayambe wamuona, makamaka galu wokalamba amene impso zake sitikuzidziwa. Pitani naye.

Dzungu
Chabwino, ndamva. Vuto ndi kumukweza m'galimoto, amachita ngati tikukamugulitsa.